2-ethylbutane kulibe, tawerengani bwino ma carbon

Pa zaka zonse zomwe ndaphunzitsa chemistry ku sekondale, dzina lomwe limanditopetsa pochonga ndi 2-ethylbutane. Abale anga, dzina limeneli ndi lolakwika. Mwana amaona ma carbon anayi atandandalika chopingasa papepala, wachiwiriyo watulutsa kanthambi ka ma carbon awiri (ndiye ethyl ameneyo) kolozera pansi, basi iye walemba kale butane, dzina la tcheni cha ma carbon anayi, osaganizanso kawiri. Koma taikani chala kunsonga kwa kanthambiko, mukwere, mukhote, mupitirire mpaka kumapeto, mupeza asanu osati anayi. Ndiye thunthu lake, kutanthauza tcheni chachitali kuposa zonse, ndi pentane, watsala panja ndi carbon m'modzi pa nambala 3 (kanthambi kotere ndiye methyl), dzina lenileni 3-methylpentane. Tcheni chachitali chimaloledwa kukhota, molecule ilibe nazo ntchito zoti inu mwaijambula bwanji.

Mukapeza thunthu, yambani kuwerenga kumbali yomwe nthambi ili pafupi. Titenge iso-octane, uja amayezera ubwino wa petulo, iyeyo anamupatsa 100 pomwe heptane ali pa 0. Ali ndi ma carbon 8 koma thunthu lake ndi asanu okha, ena atatuwo ndi ma methyl. Kuyambira uku mupeza 2,2,4, kuyambira uko 2,4,4, ndiye mumafananitsa nambala imodzi imodzi, pomwe zayamba kusiyana yaing'ono ndi yomwe yawina, 2,2,4-trimethylpentane. Onani kuti 2 walembedwa kawiri, nthambi iliyonse imafuna nambala yakeyake ngakhale zitamera pa carbon m'modzi, apa ndi pomwe mamalikisi amathawira ambiri.

Nthambi zikakhala zosiyana mumatsata alifabeti, ethyl patsogolo methyl pambuyo, ndipo di ndi tri (oonetsa kuti nthambi zofanana zilipo ziwiri kapena zitatu) sawerengedwa pamenepo, ethyl amatsogolabe ngakhale mnzakeyo ndi dimethyl.

Ena amati a IUPAC, bungwe loika malamulo a mayinawa, anangofuna kuvutitsa ana, ayi ndithu. Butane ali ndi ma isomer (ma molecule a fomula imodzi koma olumikizana mosiyana) awiri okha, pentane atatu, hexane asanu, koma kufika pa decane alipo 75, onsewo fomula imodzi C10H22, mungawaloweze bwanji aliyense atakhala ndi dzina lake lapamudzi? Ntchito yokonza malamulowa inayambira ku Geneva mu 1892, IUPAC isanabadwe n'komwe.

Ngati muli ndi filiji yatsopanoko tasuzumirani kuseri pa kompuresa, zambiri amalemba R600a. Okonza mafiliji amangoti gasi, ena isobutane, ine mwana wanga wa fomu 4 ndimafuna andilembere 2-methylpropane, thunthu atatu, methyl pakati.