Musanagule purosesa, yambani mwaganizira power supply

Munthu akamalumikiza yekha kompyuta, ndalama zambiri zimathera pa purosesa ndi graphics card, kenako power supply amagula ndi zotsala. Mavuto ambiri amayambira pomwepa. Kabokosi kameneka ndi kamene kamasandutsa magetsi a pakhoma, a 230V, kukhala a 12V, 5V ndi 3.3V omwe zipangizo zam'kati zimagwiritsa ntchito. Kakakhala kosalongosoka, kompyuta imangozima yokha mukaipatsa ntchito yolemetsa, ndipo tsiku limene kadzapse kangathe kutenganso motherboard ndi SSD, disiki yosungira mafayilo.

Nambala yaikulu yolembedwa pakatoni isakunyengeni. Werengani kapepala komatidwa m'mbali mwake, pamzere wa +12V, chifukwa purosesa ndi graphics card zimakoka mphamvu pamenepo. Chulukitsani 12 ndi ma amp olembedwawo: 50A ikupatsani 600W. Ngati pakatoni alemba 600W koma pa +12V pali 25A yokha, dziwani kuti zipangizo zazikuluzo zingopeza 300W basi. Kompyuta ya muofesi yopanda graphics card imakwanira ndi 400W kapena 450W, pomwe yokhala ndi khadi yapakatikati imafuna 550W mpaka 650W. Chizindikiro cha 80 Plus chimangotanthauza kuti siitaya magetsi ambiri ngati kutentha, sichinena za kulimba kwa zam'kati. Chimene chimaulula zambiri ndi waranti. Makampani ngati Seasonic ndi Corsair amapereka zaka 5 mpaka 10 pa mitundu yawo yabwino, ndipo palibe angalonjeze zaka zoterozo pa chinthu chimene sakuchikhulupirira. Onaninso kuti alemba OVP, OCP ndi SCP, zimene zimadula magetsi akakwera mopitirira muyeso kapena mawaya akagundana.

Kwa ife amene timadalira magetsi a ESCOM, UPS, bokosi la batire limene limapatsa kompyuta magetsi akathima, si yodzikometsera ayi. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba pa disiki, mafayilo amawonongeka, nthawi zina Windows yomwe imakana kutseguka. Pogula, kumbukirani kuti nambala ya VA yolembedwa pa UPS si watt: UPS ya 1000VA kawirikawiri imanyamula pafupifupi 600W. Komanso ma power supply amakono okhala ndi active PFC (njira yosalaza kakokedwe ka magetsi) ena amazimabe UPS yotsika mtengo ikalowa pa batire, choncho yolembedwa pure sine wave ndiyo yodalirika.

Purosesa ndi motherboard ziyenera kukhala za soketi imodzi. Ryzen 5000 imalowa pa AM4 ndipo imafuna RAM ya DDR4. Ryzen 7000 ndi 9000 zimalowa pa AM5, yomwe imangolandira DDR5. Soketi ya Intel ya LGA1700 ili ndi ma motherboard ena a DDR4, ena a DDR5, ndipo timitengo ta RAM timeneti sitilowana malo. Chimene chimakola anthu ambiri ndi ichi: Ryzen 5 5600, komanso purosesa ya Intel yothera ndi chilembo F, siitulutsa zithunzi payokha. Popanda graphics card, sikirini ingokhala bii. Motherboard yakale ya B450 nayonso imafuna BIOS (pulogalamu yam'kati mwa motherboard) yatsopano kuti izindikire Ryzen 5000, ndiye funsani wogulitsa musanalipire.

RAM gulani timitengo tiwiri tofanana, mwachitsanzo 8GB kawiri, ndipo pa motherboard ya mipata inayi muike mu A2 ndi B2, pokhapokha kabuku kake kanena zina.

SSD nayo imatha kubwera yachinyengo. Ilipo yolembedwa 1TB yomwe kompyuta imaiwerenganso 1TB, koma mkati muli malo ochepa, moti mafayilo akapitirira malowo amawonongeka osakuchenjezani. Pulogalamu ya H2testw imadzaza disiki yonse n'kuwerenganso zimene yalemba, ndipo bodzalo limaonekera. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, itseguleni ndi CrystalDiskInfo muone maola amene yagwira ndi thanzi lake. Wogulitsa wokana kuti muiyese, musiyireni katundu wake.

Mukamaliza kulumikiza, musathamangire kuika mafayilo anu. Yatsani MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, kuchokera pa fulashi, muisiye izungulire maulendo anayi. Ikaonetsa cholakwika ngakhale chimodzi, zimitsani XMP kapena EXPO (zimene zimathamangitsa RAM) mu BIOS n'kuyesanso kamtengo ka RAM kamodzikamodzi. Kamene kakulakwitsabe kabwezeni waranti isanathe.