Chisakasa cha pangozi: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Mulanje

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera anasowa pokhala. Kuno ku Mulanje ambiri anathawira m'makalasi ndi m'matchalitchi, ena anakhoma zisakasa za malona. Pali miyezo imene boma ndi mabungwe amatsata pa malo ogona a pangozi, koma eni ake ogonamo kawirikawiri saidziwa. Nawa mafunso amene amabwerabwera dzinja likayandikira.

Nyumba ikagwa, banja limalandira chiyani, ndipo kudzera kwa ndani?

Ntchito yonse imayendetsedwa ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA kudzera kukhonsolo ya boma, koma kalembera amayambira kukomiti ya zangozi ya m'mudzi. Onetsetsani kuti dzina lanu lalowa pamenepo. Katundu amene a Red Cross amakonda kugawa ndi malona awiri, lililonse la mamita 4 m'lifupi ndi 6 m'litali, pamodzi ndi chingwe, waya, misomali, hamala, sowo, khasu ndi fosholo. Zida zina mabanja amabwerekana.

Chisakasacho chikule bwanji?

Muyezo wa Sphere, womwe mabungwe othandiza anthu amatsata padziko lonse, umati munthu aliyense akhale ndi malo ofoleredwa osachepera masikweya mita 3.5, ndipo denga litalike mamita 2 kapena kuposerapo. Banja la anthu asanu likufunika chisakasa cha mamita pafupifupi 4 ndi 4.5. Koma nambala payokha sithetsa nkhani. Kwathu kuno kwa chikamwini, ngozi imatha kuunjika mkamwini, apongozi ndi atsikana otha msinkhu pansi pa lona limodzi. Choncho pomanga siyani pomangirira chitenje kapena mphasa yogawa chipinda pakati. Ine ndimaona kuti chotchinga chimenechi n'chofunika ngati denga lenilenilo, chifukwa mayi wosowa posinthira zovala sangakhazikike mtima ngakhale mvula isamugwere.

Timange pati?

Apa ndiye pagona nkhani. Lona labwino pamalo olakwika silipulumutsa munthu. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, nthaka ya m'mapiri imakhuta madzi n'kugumuka, ndipo matope, miyala ndi mitengo zimatsika potsata zigwa. Ndiye napolo amene akuluakulu amanena, yemwe anasakaza Phalombe mu 1991. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira itamwazikana m'munda, dziwani kuti madzi ndiwo anaibweretsa, ndipo njira imene anadzera kale saiiwala. Musamange pakamwa pa chigwa, m'tsinde mwa malo otsetsereka kwambiri, kapena m'mbali mwa Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Muloza pomwe madzi anafikapo kale. Funsani agogo a m'mudzimo pomwe madzi analekezera zaka za m'mbuyo; amakumbukira mtengo kapena chulu chomwe chinamira.

Sankhani malo okwera, opendekeka pang'ono kuti madzi azidutsa. Kwezani pansi ndi dothi lotsendera, kumbani ngalande kuzungulira, ndipo khomo lifulatire kumene kumachokera mphepo ya mwera, apo ayi chiperoni cha mu Juni chidzakulowerani mpaka pamphasa. Pakati pa chisakasa ndi chinzake pakhale mamita osachepera 2, ndipo moto wophikira ukhale panja.

Chifukwa chiyani malona ena amang'ambika sabata isanathe?

Lona lolendewera limakupiza ndi mphepo mpaka kudzidya lokha, ndipo likasunga madzi pamwamba limathyola phaso. Likokeni lilimbe, denga likhale lotsetsereka bwino. Musakhome msomali pa lona mwachindunji: kulungani m'mphepete mwake pa nsungwi kaye, kapena ikani chitsekerero cha botolo pakati pa mutu wa msomali ndi lona. Nsonga za mitengo muziseme kapena muzikulunge nsanza. M'makona ikani mitengo yopingasa yochirikiza nsichi.

Chisakasa chotere chimangidwe mokumbukira kuti chidzasamuka. Pomwe chingwe kapena luzi zingagwire, musathamangire msomali, kuti tsiku lochoka mudzamasule zonse, kusenza pamutu kapena panjinga, n'kukamanganso pamalo anu. Nsungwi ndi bulugamu zimakwanira. Mitengo ya m'phiri, makamaka mkungudza womwe ndi wotetezedwa ndi lamulo, isiyeni. Phiri lometedwa ndilo limagumuka msanga.

Kodi tenti siiposa lona?

Tenti imaimikidwa msanga, koma masana imatentha ngati uvuni, ndipo ikang'ambika yatha. Lona limakutsatani: mukawumba njerwa, lomwelo limasanduka denga podikira malata.

Nanga zimbudzi ndi madzi pamsasa?

Muyezo wa Sphere uja umati chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena mjigo, koma chisatalikire kuposa mamita 50 kuchokera pogona. Za amayi ndi za abambo zikhale zosiyana, zokhala ndi chitseko chotsekeka mkati. Munthu aliyense apeze malita osachepera 15 a madzi patsiku. Freddy anatipeza dziko lili kale pa mliri waukulu wa kolera womwe unayamba mu 2022, choncho madzi akumwa athiridwe kolorini ngakhale akuoneka oyera.

Bwanji amatichotsa m'sukulu tisanamange nyumba?

Ana ayenera kubwerera m'kalasi, ndipo sukulu sinamangidwe kuti mabanja azigonamo miyezi. Komabe musanachoke funsani komiti ndi amfumu kuti mukupita kuti. Ngati malo anu akale ali m'njira ya madzi, nenani poyera kuti nkhani ya malo atsopano ikafike kukhonsolo.

Wina akuti ndimupatse kangachepe kuti andilembe. Nditani?

Musapereke. Lona, tenti, ufa ndi bulangete za pangozi n'zaulere. Wofuna ndalama, gawo la katundu kapena thupi la mayi kapena mtsikana posinthana ndi thandizo akupalamula mlandu, kaya ndi wa komiti, wa bungwe kapena mfumu. Kanenani kwa oyang'anira msasa kapena kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Ngati wokhudzidwa ndi mwana, imbani 116, nambala yaulere.