Ayi, ku America sanathetse chipukutamisozi cha ovulala

Nthawi ndi nthawi m'magulu a WhatsApp a abale athu okhala ku America mumabwera uthenga woti chigawo chakutichakuti chakhazikitsa lamulo loti wovulala pangozi sadzalandiranso chipukutamisozi. Bodza limeneli limandiwawa, chifukwa munthu wogundidwa ndi galimoto angathe kungokhala pakhomo ndi ndodo zake, osapita kwa loya.

Kawirikawiri chimene chilipo ndi bilu chabe. Aphungu a chigawocho ayenera kuivomereza kaye, kenako ipite kwa bwanamkubwa, ndipo mabilu ambiri amafera m'njira. Ikadutsa, imangochepetsa zina. Ku Florida, lamulo la 2023 linadula nthawi yokasuma milandu ya kusasamala kuchoka pa zaka 4 kufika pa 2. Ku Texas, la 2003 linaika malire a $250,000 pa ndalama zolipirira ululu ndi kuzunzika posumira dokotala, koma ndalama za kuchipatala ndi malipiro otayika silinazikhudze.

Funsani nambala ya biluyo, monga HB 837 ya ku Florida ija, muifufuze pa webusaiti ya nyumba ya malamulo ya chigawocho, muone pomwe yafika. Chonde, uthenga wopanda nambala ndi dzina la chigawo musautumizenso kwa ena.