Munthu sayenera kukhala pakati pa chithunzi nthawi zonse

Ojambula ambiri kuno ku Mzuzu amakhulupirirabe kuti chithunzi chabwino cha nkhani n'chimene munthu waima pakatikati, thupi lonse likuoneka, maso ali pa kamera. Chizolowezichi tinachitengera kumasitudiyo ndi kumaukwati, kumene nkhani imagona pa suti ndi nsapato. Chithunzi cha mtolankhani ntchito yake ndi kuonetsa zimene zikuchitika.

Tiyerekeze kuti mukujambula mayi ogulitsa nthochi mumsika wa Zigwagwa. Mukawaika pakati, diso limathera pankhope pawo basi. Gawani chithunzicho ndi mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, zigawo zikwane 9. Mafoni ambiri mizereyi ali nayo kale, kungoti sitiyiyatsa. Mayiwo akhale pamene mizere yakumana, ndipo malo otsalawo mulowe nthochi, ogula ndi matope a nyengo ya mvula. Ngati akuyang'ana kumanja, siyani mpata kumanjako, apo ayi amaoneka ngati atsamizidwa kukhoma. Pakati pamathandizabe ngati nkhope yokhayo ndiyo nkhani.

Onaninso kumbuyo musanadine. Pholo la magetsi lotulukira pamutu pa munthu laononga zithunzi zambiri. Msewu wa M1 pa Katoto, kapena mzere wa makabaza, umatha kutsogolera diso mpaka pa mwini nkhani.

Koma wosuntha akhale inuyo: gwadani, yandikirani, dikirani. Kukonzeratu anthu kuti achite ngati zikuchitikadi, kapena kufufuta pholo lija pa kompyuta, n'kosaloledwa pa utolankhani, ndipo a World Press Photo, bungwe lokonza mpikisano wa zithunzi za atolankhani padziko lonse, amachotsa zithunzi zotere pampikisano wawo.