Sitiroko ikadutsa, tifunsenso za mumtima

Abale a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, m'bale wathu akapulumuka ku sitiroko ambiri timangoyang'ana dzanja ndi mwendo zomwe zinafa, za mumtima mwake sitifunsa. Chonsecho pa anthu atatu alionse amene anadwala sitiroko, pafupifupi mmodzi amadzadwalanso matenda okhumudwa, ena nkhawa yosatha, kumangoopa kuti mwina iwagwiranso usiku uno.

Taganizani bambo amene ankapalasa kabaza pa Nchalo kudyetsa banja lonse, lero phala akuchita kumwetsedwa ndi supuni, kuchimbudzi kuchita kugwiriziridwa ndi mwana wawo yemwe. Zimawawa. Komanso sitirokoyo imavulaza ubongo weniweniwo, ndiye kukhumudwaku ndi matenda ndithu, si ulesi, si kulodzedwa ayi.

Mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposa munthu sakudya, tulo palibe kapena akungogona tsiku lonse, akungolira, alendo sakuwafuna, mawu ake ndi oti "ine ndangokhala mtolo", pitani naye kuchipatala mukafotokoze zonsezi, musakangonena za mwendo zokha. Kuipa kwake munthu wokhumudwa amakana mafizo, mankhwala a BP kapena a shuga amasiya kumwa, mwendo nkumangouma ndipo sitiroko yachiwiri sivuta kubwera. Mankhwala a matenda okhumudwawa alipo, monga fluoxetine ndi amitriptyline, koma asankhe ndi adokotala, ndipo amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ndiye osawasiya pa njira kuti sakuthandiza.

Kunyumba chonde musamutsekere m'nyumba ya malata ndi dzuwa lathu la Okutobala lija. M'mawa kusanatenthe mutulutseni akhale pamthunzi, madzi akumwa pafupi, anzake a bawo abwere, apatsidwe nyemba asankhe kapena chimanga atongole ndi dzanja labwinolo, ku tchalitchi kapena ku mzikiti mumunyamule ngakhale pa njinga. Ngati lilime linalemera mudikireni amalize yekha, izi zomumalizira mawu kapena kumukamba ngati palibe zimapweteka kwambiri. Ndipo osasiyira mayi mmodzi yekha ntchito yonse yodwazika, nayenso amatopa mpaka kudwala, muzisinthana.

Akayamba kukamba zoti bola kufa, musaseke kapena kumukalipira. Chotsani m'nyumba mankhwala opopera thonje ndi a makoswe, asakhale yekha, ndipo tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala.