Pinki ya atsikana, buluu ya anyamata: maso akutinji?

Mayi akangochira, achibale amayamba afunsa kuti ndi mwana wanji. Akamva kuti ndi wamkazi, amathamangira kumsika wa Kasungu kukasaka shawelo ya pinki. Akakhala wamwamuna, ya buluu. Poti ntchito yanga ndi yopima maso, anthu amandifunsa ngati mwana amabadwa akukonda kale mtundu wakewo.

Mu 2007 Anya Hurlbert ndi Yazhu Ling a ku Newcastle University anaonetsa anthu mitundu iwiriiwiri kuti azisankhapo. Amuna ndi akazi omwe ankakokera ku buluu, kungoti akazi ankapendekerako ku mitundu yofiirira. Koma osankhawo anali akuluakulu, oleredwa kale pakati pa zovala ndi zidole zogawidwa motero, ndiye za chibadwa ine sindingalumbirire. Ndipotu mu 1918 magazini ina ya ogulitsa zovala za ana ku America inkalangiza kuti pinki ndi ya anyamata, ati ndi mtundu wamphamvu, buluu ya atsikana. Zinatembenuka pambuyo pake, kwathu kuno n'kufika ndi mashopu ndi kaunjika. Agogo athu ankangokulunga khanda m'nsalu imene ilipo. Onaninso ochemerera mpira: abambo a Bullets amafiira thupi lonse, amayi a Manoma ali buluu yekhayekha. Amenewo atsata timu basi.

Kusiyana kumene ndimakuona ndi maso anga ndi kwina. Kuseri kwa diso kuli timaselo ta mitundu itatu: tina timamva bwino kuwala kofiira, tina kobiriwira, tina kwa buluu. Malangizo opangira tofiira ndi tobiriwira amakhala pa kromosomu X, kachingwe ka m'maselo konyamula zimene timatengera kwa makolo. Mkazi ali ndi ma X awiri, imodzi ikalakwika inzake imagwira ntchito. Mwamuna ali nayo imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake. N'chifukwa chake vuto losokoneza chofiira ndi chobiriwira limagwira kwambiri amuna. Mwa azungu a kumpoto kwa Ulaya ndi mwamuna mmodzi pa 12 alionse, koma mkazi mmodzi pa 200. Mwa ife a mu Africa n'lochepako, koma lilipo.

Bambo sapatsira mwana wake wamwamuna vutoli. Limadzera kuchikazi, ndiye mnyamata akapezeka nalo, ndimafunsa za amalume ake ndi agogo ake aamuna obereka mayi. Nthawi zambiri mayiyo amaseka n'kunena kuti achimwene awo ankathyoladi tomato wosapsa.

Kuno kwa alimi a fodya nkhaniyi si yaing'ono. Kusankha fodya kumadalira mtundu wa tsamba, ndipo belo losakaniza masamba obiriwirira ndi okhwima bwino limagwa mtengo kapena kubwezedwa ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Pakhomo pamene bambo amasokoneza mitundu, ntchito imeneyo aisiyire mayi, palibe chamanyazi. Aphunzitsi nawonso asafulumire kukalipira mwana amene wapaka masamba a mtengo ndi kala yofiirira.

Mankhwala ochiza palibe, ndipo magalasi wamba sathandiza. Kupima kwake n'kosavuta: timagwiritsa ntchito buku la timadontho tamitundumitundu tobisa manambala, limene dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa mu 1917. Mphindi zochepa zimakwana. Mnyamata wofuna ntchito ya magetsi, yoyendetsa sitima kapena ndege apimitse asanalipire fizi ya kukoleji.