Ndege ya mapulopela sinathe ntchito, koma opanga ake akutha

Anthu ambiri akaona ndege ya mapulopela itaima pabwalo nkhope zimagwa. Amaganiza kuti kampani yawabweretsera ndege yachikale. Komatu injini yomwe ili paphikopo ndi ya mtundu umodzi ndi ya jeti: imakoka mpweya, n'kuupanikiza, n'kuuyatsa ndi mafuta. Kusiyana kwake n'kwakuti mphamvuyo imadutsa m'magiya n'kukazunguza pulopela wamkulu amene ali poyera.

Ife okonza maulendo a ndege timayamba tayang'ana kutalika kwa ulendo. Jeti imadya mafuta bwino ikakwera kutali kumwamba, makilomita 10 kapena kuposerapo, n'kumathamanga liwiro loposa makilomita 800 pa ola. Kuti ikafike kumeneko imapsereza mafuta ambiri, ndipo imawabweza pokhapokha ikakhalitsako. Tsono taganizirani za ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre, wosakwana n'komwe makilomita 300. Jeti ikangomaliza kukwera, nthawi yotsika yakwana kale. Ndege ya mapulopela ya ATR 72 imayenda pafupifupi makilomita 500 pa ola, inzake ya Dash 8-400 imapitirira 600, ndiye pa mtunda ngati umenewu wokwera jeti amangopindula mphindi zochepa, zomwenso amakazitaya podikira chikwama chake. Si zangozi kuti Malawi Airlines inasankha Dash 8-400 pa maulendo ake afupiafupi.

Kampani ya ATR, ya ku Toulouse m'dziko la France, imati ndege zake zimadya mafuta ochepa ndi 45 peresenti poyerekeza ndi jeti ya msinkhu womwewo. Wogulitsa sanyoza malonda ake, choncho nambalayi muilandire mosamala. Koma zoti pa ulendo waufupi mapulopela ndi amene amasunga mafuta, palibe katswiri amene amatsutsa.

Palinso nkhani ya msewu umene ndege imaterapo. Ku Norway kuli mabwalo ang'onoang'ono m'mbali mwa nyanja, ena opanikizidwa ndi mapiri, okhala ndi msewu wa mamita pafupifupi 800 basi. Jeti yonyamula anthu singayerekeze kutera pamenepo. Kampani ya Widerøe imafikako ndi Dash 8-100, ya mipando 39.

Ku America zinthu zinapita kwina. Mitunda ndi italiitali, okwera amadandaula ndi phokoso la mapulopela, ndipo mu Januwale 2023 Horizon Air inapumitsa Dash 8-400 yake yomaliza n'kutsala ndi majeti a Embraer E175 okhaokha. Majetiwo nawonso ali ndi mfundo yawo yovuta kumasula. Mapangano a mabungwe a oyendetsa ndege salola makampani ang'onoang'ono ogwirira ntchito akuluakulu kuulutsa ndege yoposa mipando 76 kapena yolemera kupitirira muyezo woikika. E175 yatsopano, ya injini zosadya mafuta kwambiri, inalemera kuposa muyezowo, ndiye Embraer ikupangabe yakale ija.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si mpikisano wa awiriwa ayi, koma kuti mafakitale akutseka mbali zonse. Majeti ang'onoang'ono a CRJ anasiya kupangidwa, kampani yowapanga ya Bombardier itagulitsa ntchitoyo kwa Mitsubishi. Mitsubishi yomweyo inataya jeti yake yatsopano ya SpaceJet mu 2023 isananyamulepo wokwera wolipira ndi mmodzi yemwe. Fakitale ya ku Toronto yomwe inkapanga Dash 8-400 inatsekedwa. Embraer inalankhulapo zopanga ndege yatsopano ya mapulopela, koma mu 2022 inaiika pambali itasowa injini yoyenera. Kunja kwa China ndi Russia, wofuna ndege yatsopano ya mapulopela ya mipando 50 mpaka 70 ali ndi khomo limodzi logogoda, la ATR. Ndipo wogulitsa akakhala yekha pamsika, mtengo ndi tsiku lolandira katundu amanena ndi iyeyo.

Pa maulendo afupiafupi mapulopela akhalapobe, za izi sindikayika. Amene ali pamavuto ndi mabwalo ang'onoang'ono zedi. ATR inkakonza ATR 42 yotha kutera pa msewu wa mamita 800, koma mu 2024 inasiya, ponena kuti ogula ndi ochepa. Dash 8-100 inasiya kupangidwa mu 2005. Choncho a Widerøe akungokonza zomwe ali nazo, kusintha zitsulo zotopa kuti ndege yomwe inapangidwira maulendo 80,000 ifike pa 120,000.